Funsani musananyamuke

Pali matenda ena opatsirana amene samva mankhwala oyamba. Munthu wamwa LA, thupi likutenthabe. Walandira mapiritsi a chifuwa kawiri konse, chifuwa chili pomwepo, akuonda, usiku akutuluka thukuta. Apa m'pamene achibale amati, "Tipite naye kwa adokotala aakulu." Maganizowo ndi abwino. Koma ife amene timayendera odwala m'mipingo taona mabanja akugulitsa mbuzi, kukwera basi ya ku tauni, n'kubwerako osaonana ndi dokotalayo, ena n'kubwerako ndi ngongole.

Madokotala amene anaphunzira mwapadera za matenda opatsirana ndi ochepa kwambiri kuno kwathu. Ntchitoyi amaigwira kawirikawiri ndi akatswiri a matenda a m'thupi, amene ambiri ali m'zipatala zinayi zazikulu za boma: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, komanso ku Zomba ndi ku Mzuzu. Ena amaonanso odwala m'zipatala zolipira pa masiku oikika. Njira yofikira kwa iwo imayambira pa chipatala cha kwanu komweko. Pemphani kalata yokutumizani, ndipo funsani amene akulembayo kuti katswiriyo amaona odwala tsiku liti. Ngati mwangomva dzina la dokotala kwa anzanu, bungwe la Medical Council of Malawi ndi limene limalembetsa madokotala, ndipo mutha kufunsako.

Buku la kuchipatala musalisiye, ngakhale lakale lothothoka lija. Katswiri amafuna kudziwa mankhwala amene munamwa kale ndi masiku ake, chifukwa tizilombo tina timazolowera mankhwala. Popanda buku, amayambanso kuyeza zimene munayezetsa kale, ndipo ndalama imapita kawiri.

Tsopano za khadi. Mabanja ena ali pa MASM kapena pa sikimu ina ya kuntchito, ndipo ambiri timaganiza kuti khadi likakhala m'thumba basi zonse zatheka. Ayi ndithu. Chipatala chikhoza kumalandira khadi lanu, koma katswiri wobwera kudzaona odwala pamenepo n'kukhala ndi bilu yakeyake. Magazi kapena makhololo akhoza kutumizidwa ku labotale ya kwina, nayonso n'kufuna yake. Choncho imbani mbali zonse ziwiri, ku sikimu ndi ku chipatala. Tchulani dzina la dokotalayo, osati la chipatala chokha. Funsani ngati akufuna kalata yokutumizani kapena chilolezo cha sikimu musanaonane naye, ndalama imene mudzaonjezere nokha, imene ambiri amati shortfall, ndiponso ngati malire a ndalama za chaka chino sanathe. Amene mwangolowa kumene, funsani ngati nthawi yodikira yatha. Onetsetsaninso kuti wodwalayo analembetsedwadi. Mwana wa mlongo wanu amene mukumulera salowa yekha pa khadi lanu chifukwa chakuti amagona m'nyumba mwanu. Lembani dzina la amene wakuyankhani ndi tsiku lake kuchikuto kwa buku.

Izi zikukhudzanso zipatala zathu za mpingo monga Malamulo ku Makwasa ndi Blantyre Adventist. Kukhala membala wa mpingo sikufafaniza bilu, ndiye funsani mofananamo, mopanda manyazi.

Koma chimene chimatipweteka mtima kwambiri ndi kuona munthu akudikira mwezi wathunthu kuti nkhani ya khadi ilongosoke, pamene chithandizo chimene akufunikira ndi chaulere. Kuyezetsa chifuwa chachikulu ndi mankhwala ake a miyezi 6 simulipira m'zipatala za boma. Ma ARV chimodzimodzi. Munthu amene watsokomola milungu iwiri apite akapereke makhololo, khadi likhalepo kapena lisakhalepo. Makina a GeneXpert amaonetsanso ngati TB yake ndi yosamva mankhwala ena, ndipo zikatero achipatala amadziwa okha kumene angamutumize. Tsiku lililonse limene akudikira kunyumba, ana amene amagona naye chipinda chimodzi akupuma mpweya womwewo.

Mafunso a khadiwa athetseni pakati pa mlungu, pofika Lachinayi, kuti Lachisanu lisakupezeni muli pa foni dzuwa likupendeka. Zimenezo ndi za ulendo wokonzekera. Wodwala akauma khosi ndi kutentha thupi, akayamba kusokonezeka mutu, akamabanika, kapena akamatsegula m'mimba madzi okhaokha monga tinaonera pa kolera wa 2022 ndi 2023, musaimbire wina aliyense za khadi. Ngakhale pa Sabata, mapemphero ali mkati, adikoni afune galimoto, wina atenge buku, ndipo wotsegula m'mimbayo azimwetsedwa Thanzi ORS m'njira monse kufikira pa chipatala chapafupi.