Uvuni wagalasi ndi wabwino pa chambo, koma mbaula musataye

Katundu amene ana athu a ku Joni amatumiza kuno ku Mangochi wasintha. Kale inali njinga, wailesi ya makaseti ndi mabulangete a minyalugwe aja. Masiku ano matiransipota akamatsitsa makatoni, mumatulukanso chimbale chagalasi chokhala ndi chivundikiro cholemera, chachingwe cha magetsi. Umenewu ndiye uvuni wa halojeni. Ndawuona m'nyumba zingapo kuchokera kwa Mpondasi, Namiasi, Makawa mpaka ku Monkey Bay, ndipo kawirikawiri umathera kuwiri. Kwina amaukhazika pamwamba pa kabati, nkuuphimba ndi kansalu koluka kuti alendo aziona kuti mwana akugwira ntchito. Kwina amaugwiritsa ntchito miyezi yochepa, kenako mumamva kuti unapsa, kapena galasi linang'aluka, ndipo tsopano akusungiramo tomato. Konseko ndi kuwononga thukuta la mwana amene akugona m'kachipinda kothina ku Johannesburg.

Tiyambe ndi momwe umagwirira ntchito, chifukwa zolakwa zambiri zimachokera pamenepa. Chimbale chija chilibe moto, ndi galasi chabe lopirira kutentha. Ambiri mwa mauvuniwa amalowa malita 12, ndipo mukaika mkombero wachitsulo umene umabwera nawo amafika malita 17. Moto wonse uli m'chivundikiro. Mmenemo muli babu lozungulira, lokhala ndi kawaya ka tungsten ndi mpweya wa halojeni, ndipo likayaka limawala kwambiri nkutulutsa kutentha nthawi yomweyo. Pamwamba pake pali kafani kamene kamazunguliza mphepo yotenthayo m'chimbale monse. Pali timabatani tiwiri topotokola: kena ka nthawi, kamene kamafika mphindi 60, kena ka kutentha, kamene kamafika madigiri 250. Kutentha kukakwana babu limazima lokha, kukatsika limayakanso. Mayi wina anathamangira kwa okonza mawailesi poganiza kuti kuphethira kumeneku ndi vuto. Ayi, ndi mmene anaupangira. Chogwirira chake nachonso ndi switchi: mukachidzutsa, magetsi amaduka, mukapanda kuchigoneka bwino mpaka chilire kuti tche, uvuni suyaka.

Tsono moto wochokera pamwamba ndi wachilendo kwa ife. Pamafuwa, pambaula ngakhale pa hotipuleti, moto umachokera pansi, ndipo dzanja lathu linazolowera kuopa kupsereza pansi pa mphika. Muno zimapsa ndi zapamwamba. Amene wamvetsa zimenezi wamaliza theka la sukulu.

Pa nkhani ya mayunitsi, anthu amauopa uvuniwu kuposa mmene uyenera kuopedwera. Ambiri amakoka mawati apakati pa 1,200 ndi 1,400. Wa mawati 1,300 utayaka ola lathunthu osazima ungadye yunitsi imodzi ndi kachidutswa, 1.3, koma poti babu limazimazima, sufika pamenepo. Chambo chimapsa m'mphindi 25 kapena kucheperapo, ndiye kuti pafupifupi theka la yunitsi. Uvuni wa kuka yaikulu ija umafuna kuutenthetsa kaye mphindi 10 kapena 15 musanaikemo kanthu, ndipo mukutenthetsa chibokosi chonse chifukwa cha nsomba ziwiri. Yerekezani nokha theka la yunitsi ndi mtengo wa kajumbo ka makala pamsika wa pa boma lero, muonjezerepo mafuta ophikira amene mukanathira m'chiwaya. Mafutawo ndiye ndalama yeniyeni imene imapulumuka.

Nsomba ndiye mwini wake wa uvuniwu, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anaupanga akanakhala wa kunyanja kuno akanajambula chambo pakatoni, osati nkhuku. Palani mamba, chotsani zam'mimba, tsukani, kenako muchipukute chiume. Anthu ambiri amadumpha kupukutaku, ndipo nsomba yonyowa siwotcheka, imangofutika ndi nthunzi nkutuluka yotuwa. Chekani mizere itatu kapena inayi mbali iliyonse mpaka mpeni ugunde munga wapakati. Mchere, ndimu, adyo wosinja, tsabola wa kambuzi kwa okonda, ndi mafuta ongopaka ndi zala. Pakaninso mafuta pa waya woikapo chakudya, apo ayi khungu limatsalira pomwepo. Ikani pa madigiri 200. Zikatha mphindi 12 kapena 15 tembenuzani ndi mbaniro imene imabwera ndi uvuniwo, mudikirenso mphindi 10. Ubwino wake galasi limaonetsa zonse, simufunika kuvundukula kuti muone. Khungu likafiira nkuyamba kutukumuka m'mizere muja, chapsa.

Kampango amachita bwino kuposa chambo, kunena zoona. Ndi wamafuta, ndipo pamakala mafutawo amadontha nkubutsa moto umene umadetsa nsomba. Muno amadonthera pansi pa chimbale mwakachetechete, ndipo mukhoza kuwathira mumsuzi wa tomato. Mcheni nawo umapsa msanga, musautalikire. Koma usipa wouma ndi bonya musayerekeze kungozimwaza pa waya: fani imaziulutsa, zina nkukakamira kuchivundikiro nkuyamba kununkha kupserera. Mtedza ndi chimodzimodzi, makoko ake amauluka. Zinthu zopepuka zisiyireni chiwaya.

Nkhuku ya buloila yolemera kilogalamu imodzi ndi theka imafuna pafupifupi ola pa madigiri 180 kapena 190. Yambani chidali chili pansi, mutembenuze pakati pa nthawi, ndipo ikani mkombero uja kuti nyama italikirane ndi babu. Musanaphule bayani pantchafu: madzi akatuluka ofiirira, ibwerere. Nkhuku ya lokolo ndi nyama ya mbuzi ndi nkhani ina. Mukaziika zosaphika zimatuluka zokongola maso koma mano nkulephera. Ziwiritseni kaye pambaula mpaka zifewe, uvuni ungomalizitsa kuzifiiritsa mphindi 15. Pa Idi, pamene nyama ya mbuzi imachuluka m'makomo ambiri kuno, njira imeneyi imapulumutsa mafuta ambiri.

Mbatata ya kholowa yosasenda, yaikulu pang'ono, imatenga mphindi 40 pa madigiri 200, ndipo imatuluka yotsekemera yopanda phulusa. Chigumu ndiye chimavuta ambiri. Pamwamba pamada pakati pakadali phala. Tsitsani kutentha kufika 170, ikani pa waya wamfupi, ndipo phimbani chitini ndi foyilo kwa mphindi 25 zoyamba. Foyiloyo muipinde molimba m'mbali mwa chitini, chifukwa fani ikaikoka nkukagunda babu, mwaononga zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kenako chotsani foyilo kuti pamwamba pafiire. Chitini chikhale chosaya. Chakuya sichipsa pakati. Masikono savuta.

Nanga nsima? Apa ndiye pamene otsatsa malonda sanena zoona. Uvuniwu suphika nsima. Suphika nyemba, suphika therere, chisoso kapena futali wa m'mwezi wa Ramadani. Chilichonse chofuna mthiko kapena kubwata maola ambiri si chake. Ndiye kuti pakhomo la Mmalawi sungakhale wokha. Ndi wothandizira pa ndiwo basi. Komanso banja la anthu 8 kapena 10, monga mmene mabanja ambiri aliri kuno, silingakwanire ndi zambo ziwiri kapena zitatu zimene zimalowa nthawi imodzi. Muphika maulendo awiri, ndipo phindu la mayunitsi lija layamba kuchepa.

Kenako pali magetsiwo. Madzi amene timawaona akudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi omwewo amene amakadutsa m'nyanja ya Malombe, pa baraji ya ku Liwonde, nkukazunguza makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, magetsi nkubwerera kwa ife pa mawaya a ESCOM. Pafupifupi dziko lonse ladalira mtsinje umodzi umenewu kwa zaka zambiri. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tonse tikukumbukira mmene tinakhalira mumdima mpaka chaka chotsatira. Magetsi a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti athandizako, koma palibe mayi wanzeru amene angalonjeze alendo nkhuku ya mu uvuni popanda makala pambali. Magetsi akathima nkhuku ili pakatikati, musaisiye m'galasi lofunda kudikira kuti mwina abwera. Ndi kutentha kwa Mangochi mu Okutobala, nyama yosapsa imaonongeka msanga. Isamutsireni pambaula. Ndipo amene muli ndi kasola ka pa denga koyatsira mababu ndi kutchajira foni, musayese kulumikizako uvuniwu. Mawati 1,300 si a batire limodzi la galimoto.

Tisaiwalenso kuti nkhani yonseyi ndi ya anthu ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo ambiri mwa iwo waya wa magetsi sunafike pakhomo pawo. Komabe makala ambiri amene akumaliza mitengo ya ku Namizimu ndi ku Phirilongwe sapita kwa osauka akumudzi, amene amaphikira nkhuni. Amabwera kwa ife a m'tauni, a magetsi m'nyumba. Ndiwo iliyonse imene yapsa ndi magetsi ndi makala amene sanagulidwe. Sindikunena kuti uvuni wagalasi upulumutsa nkhalango, koma thumba la makala lotha masabata atatu likatha asanu, si zachabe.

Tsopano kasamalidwe, pakuti chimene chimapha mauvuniwa si kuphika ayi. Choyamba ndi pulagi. Wochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Anthu amagula kaadaputala kotchipa kapena kulowetsa mawaya pasoketi ndi timitengo ta machesi. Uvuniwu umakoka ma ampu oposa 5. Kaadaputala kogwedera kamatentha, kusungunuka, nthawi zina nkuyatsa nyumba. Pitani nawo kwa wamagetsi adule pulagiyo aike yathu, ya fyuzi ya ma ampu 13, ndipo muziulumikiza pakhoma penipeni, osati pa ekisitenshoni imene yanyamula kale firiji ndi ketulo. Magetsi akathima, zulani pulagi. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali umene babu silingapirire. Gadi ngati wa firiji uja, bola akhale wokwanira mphamvu yake, ndi wotchipa kuposa uvuni wina.

Chachiwiri ndi madzi. Galasi lotentha likakumana ndi madzi ozizira limang'aluka, ngakhale atalemba pakatoni kuti ndi lolimba. Mwana wofulumira kutsuka mbale akalithira madzi a mumtsuko litangochoka kumene pamoto, kwatha. Kulikhazika pasimenti yonyowa ndi chimodzimodzi. Lisiyeni pa choikapo chake lizizire lokha. Ndipo inu achemwali amene munazolowera kukwecha mapoto ndi mchenga wa kunyanja mpaka awale, chimbale ichi ayi. Mchenga, phulusa ndi sitiliwulo zimakanda galasi, ndipo mng'alu umayambira pamkandopo. Madzi ofunda, sopo wa mbale ndi siponji zakwana. Mafuta akakakamira, thirani madzi ofunda akuya ngati zala ziwiri ndi sopo pang'ono, vundikirani, muyatse pa kutentha kochepa kapena pamene alemba kuti wash kwa mphindi 10. Fani imavundula madziwo, litsiro nkufewa. Soda wophikira therere uja amachotsa madontho ofiira otsala.

Chivundikiro chisalowe m'madzi, ngakhale tsiku limodzi. Muli magetsi mmenemo. Chikazizira, pulagi itazulidwa, pukutani kunsi kwake ndi kansalu konyowa pang'ono. Mukachinyalanyaza, mafuta amaunjikana pa kachitsulo kotchinga babu, ndipo uvuni umayamba kufuka utsi ndi kununkha nsomba ya sabata yatha, chigumu nkumamveka kampango. Povundukula muli pakati pophika, musachigoneke pa tebulo la pulasitiki kapena pa nsalu. Chili ndi choimikapo chake. Muchinyamule mofatsa, chifukwa kawaya ka m'babu kakatentha sikachedwa kuduka mukakagunditsa. Mawaya oikapo chakudya muziwaumitsa musanasunge, chinyezi cha kunyanja chimachititsa dzimbiri msanga. Posunga, vundikirani ndi nsalu, popeza mphemvu zimakonda kulowa m'timabowo ta fani kutsata fungo la mafuta.

Ngakhale mutasamala chotani, babu lidzatha tsiku lina, ndipo apa ndiye pali vuto lenileni. Mababuwa sapezeka mwachisawawa m'mashopu a pa boma, ndipo si uvuni uliwonse umene babu lake limasinthika mosavuta. Ena tsopano akuthamangira air fryer, imene ilibe galasi loti lisweke. Nayonso ndi yabwino, koma zambiri ndi zazing'ono moti chambo chathunthu sichigona bwino osachidula mutu, ndipo kuno chambo chopanda mutu ndi mlandu patebulo.

Choncho inu achimwene a ku Joni, musanagule funsani ngati babu lake limasinthika, ndipo muike lapadera m'katoni momwemo pamodzi ndi mkombero ndi choimikapo chivundikiro. Mukulunge galasi m'bulangete, msewu wa ku Tete ndi wautali. Poimba foni kumudzi muwauze amayi kuti pulagi isinthidwe asanayatse. Ndipo inu amayi, utsitseni pa kabatipo muziwotchera chambo, koma mbaula ikhale pomwe ili.