TIKAMBIRANE: Mtengo wa Dengu ndi Thukuta la Mwini Wake

Amene tinayendapo pa mseu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata tidziwa kuti basi ikaima pafupi ndi mlatho wa Luangwa, timatsika kukaona madengu, malicero ndi mphasa zoyalidwa m'mbali mwa mseu. Tidziwanso zimene timacita kumeneko. Mayi akachula mtengo timaseka, timatembenuka ngati tikucoka, kufikira iwo atiitana ndi kucotsako theka. Pamwamba pake timapempha mbasela. Koma m'sitolo ya m'tauni, beseni la pulasitiki timaligula pa mtengo wolembedwa, osatsegula pakamwa. Kodi cilungamo cathu cimathera pakhomo la sitolo?

Tiyeni tiwerenge nchito imene maso athu saona. Woluka dengu amapita kukadula nsungwi, kuzing'amba, kuzipala ndi mpeni, ndipo pokhapo ayamba kuluka. Wosoka mphasa amalowa m'madzi kukatema bango, kumene kulinso ng'ona, kenaka aling'amba, aliyanika ndi kulisoka limodzilimodzi. Woumba mbiya amakumba dothi ku mtapo, aliponda, aumba, ayanika pamthunzi masiku angapo, ndipo pa tsiku lootcha zina zimasweka. Mbiya yosweka palibe amene amailipira. Osema a ku Mukuni, pafupi ndi Livingstone, ndi a ku Kabwata Cultural Village mu Lusaka amagula mtengo ndi kulipira galimoto asanagwire sompho.

Cifukwa ninji tsono amavomera mtengo wocepa? Si cifukwa cakuti katundu wao ndi wacabe. Dzuwa likupendeka, kunyumba kulibe ufa, ndipo oyandikana nao akugulitsa zofanana. Pamene tinenerera mtengo pa nthawi yotere, tikugula njala ya mnzathu.

Kwa inu amisiri tikuti: musanachule mtengo, werengani zinthu zinayi. Coyamba, ndalama za zipangizo. Caciwiri, masiku amene mwagwira nchito, tsiku lililonse poliyerekeza ndi malipiro a ganyu kwanuko. Cacitatu, ulendo wa kumsika. Cacinayi, zosweka ndi zotsala. Ngati dengu la masiku atatu mwaligulitsa pa malipiro a tsiku limodzi, masiku awiri mwagwirira munthu wacilendo kwaulere. Gwirizanani ndi anzanu pa mtengo umene simudzatsika kupitirira pamenepo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kwa ife ogula, kunenerera si mlandu, ndi mwambo wa pamsika. Koma tiyambe tafunsa kuti, “Amayi, ici cinakutengerani masiku angati?” Yankho lake lidzatiuza polekezera.

Ana a amisiri akuona zonsezi. Akaona kuti luso la makolo ao siligula ngakhale yunifomu ya kusukulu, sadzaliphunzira. Tsiku lina tidzafuna licero lopetera ufa, ndipo wotilukira sadzapezeka.