INJINI SINALODZEDWE, YASOWA MOTO BASI

Anyamata anzanga a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, werengani mpaka pansi, kukwiya mukwiyire kumapeto.

Pa doko pano pali matenda awiri. Injini ikakana kulira, wina amathamangira kwa sing'anga, eti mnzake wa chilimira chinacho wamutchera. Wina amaitana makaniko wongoyang'ana ndi maso, yemwe asanagwire n'komwe sipanala wanena kale kuti "CDI yapsa, bwana." Onse awiriwa ndalama ikupita, boti lili pamchenga, alovi akudya ngongole, usipa akupha anzathu. Ine ndikuti izi ndi ulesi wa m'mutu, aise. Yamaha Enduro yakale ija ndi chitsulo, ilibe mizimu. Imafuna petulo, mpweya ndi moto, ndipo moto uli ndi njira yake. Itsateni kuyambira chotchipa.

Choyamba, kachingwe kozimitsira injini kaja. Kapulasitiki kake kakapanda kulowa bwino, mudzakoka chingwe mpaka phewa kutupa. Madzi akalowa mu switch imeneyo, moto umathawira ku chitsulo. Pa Yamaha waya wake ndi woyera: muzuleni, kokani. Ikalira, mwapeza wakuba. Gulani switch ina, musayende opanda chozimitsira, chifukwa mukagwera m'madzi boti lidzapita lokha.

Chachiwiri, pulagi. Ikakhala yakuda, yonyowa ndi mwaye, nthawi zambiri vuto ndi oyilo amene timathira mongoyerekeza. Pomwe buku likunena 50:1, ndiye kuti malita 20 a petulo amafuna mamililita 400 a oyilo wa 2T, osati "thira pang'ono mani." Pulagi ya NGK yolembedwa -10 kumapeto, mpata wake ndi milimita imodzi. Ipukuteni, ivekeni chipewa chake, igunditseni ku chitsulo cha injini, kokani. Moto wabwino ndi wabuluu, wothetheka. Chitani izi kutali ndi thanki komanso bowo la pulagi, ndipo musakoke pulagi ili lende osakhudza chitsulo, mungaphe CDI yabwinobwino.

Chachitatu, mawaya ndi makoyilo. Waya wakuda womangidwa pa chitsulo akachita dzimbiri, masulani, palani ndi sandipepa, mangani. Ngati silinda imodzi ili ndi moto ina ilibe, ndipo iliyonse ili ndi koyilo yake, sinthanitsani makoyilowo. Vuto likasamuka nayo, koyilo ndiyo yafa.

Chachinayi, fulaiwilo. Pulopela ikamenya mwala, kakiyi kogwira fulaiwilo kamatha kudukamo, moto n'kumabwera nthawi yolakwika, injini n'kumakubwezerani chingwe. Apa pakufunika chida chozulira. Womenya fulaiwilo ndi hamala ndi mdani wa boti, ngakhale akhale malume anu.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tikambe za CDI, ndipo apo pitani kwa makaniko weniweni wokhala ndi mita yopimira. Alipo, ndipo ndimawapatsa ulemu. Amene ndikulimbana nawo ndi ongolota, otumiza munthu ku Salima kapena ku Monkey Bay kukagula chitsulo chodula pomwe vuto linali dzimbiri.

Ena mukuti, "Ife sukulu sitinapite patali." Bodza limenelo. Pa Mua pomwepa anthu amasema nkhope ya munthu pamtengo mpaka alendo ochokera kunja kudabwa ku Kungoni. Inu mumasoka ukonde wong'ambika usiku ndi tochi. Manja omwewo alephere kupala waya? Safunsa anadya phula: makaniko akamagwira ntchito, khalani pompo, funsani, onani.

Ndipo nkhaniyi si ya ndalama yokha. Mwera ukayamba mu Meyi mpaka Ogasiti, injini yozima pakati pa nyanja ndi maliro. Injini yolira mwa apo ndi apo isalowe m'madzi. M'boti muzikhala mapulagi awiri atsopano m'botolo louma, sipanala yake, chingwe chapadera chokokera, ndi nkhafi.

Tumizani kwa mwini boti wanu, ndi kwa mnzanu uja amakonda kunena kuti "ilira yokha tikafika pakati."