Kodi a ambulansi akonzeka ku Milange?

Omvera athu, kumbukirani Caphiridzange, m'boma la Moatize: pa 17 Novembala 2016 thankala yamafuta inaphulika, anthu oposa 70 nkufa. Kunonso ku Milange ngozi zingachitike: magalimoto akuluakulu amadutsa tsiku ndi tsiku polowera ku Muloza, ndipo mankhwala ophera mbozi ali m'nyumba zambiri. Mlimi akathiridwa nawo, amatuluka dovu, mboni za maso nkuchepa, mpweya nkubanika. Chipatala cha ku Quelimane chili kutali. Amene angamupulumutse ndi namwino wapafupi. Ambulansi iliyonse ikhale ndi magolovesi, zotchinga kumaso, okosijeni, madzi ambiri ndi jekeseni wa atropine. Inunso abale, munthu wothiridwa mankhwalayo mvuleni zovala, msambitseni ndi sopo, musamusanzitse, ndipo botolo la mankhwalalo mupite nalo kuchipatala.