Kodi mphini inabwezapo chipolopolo?

Pali mkangano umene sutha pakati pa anyamata a kwa Chulu ku Kasungu, kaya ali m'chigafa akusoka fodya, kaya akuchokera ku vidiyo usiku ataonera filimu ya zinjoka zolavula moto. Amafunsana kuti, afiti onse a m'Malawi muno atasonkhana ndi malichero awo, afisi awo ndi ndondocha zawo, n'kukumana ndi asilikali a ku Kamuzu Barracks, angaliyatse liwiro ndani? Ena amangoseka. Koma alipo amene saseka, amanenetsa kuti munthu wokhwima mfuti imamukana, chipolopolo chikamuyandikira chimasanduka madzi.

Ife funso limeneli sitiliyesa nthabwala, pakuti nkhondo yotereyi inamenyedwa kale, kangapo konse, ndipo ina inachitikira pafupi ndi ife pomwe pano.

Tiyambe ndi kwathu. Kumapeto kwa 1895 asilikali a atsamunda, motsogozedwa ndi Edward Alston, anaukira Mwase Kasungu, mfumu imene inakana kugonjera Azungu. Mudzi unagwa, ndipo Mwase anasankha kudzipha kusiyana ndi kugwidwa. Kodi Kasungu wa masiku amenewo analibe asing'anga? Si akuluakulu omwewa amene amatiuza kuti mankhwala enieni anali kalelo, a lerowa ndi zotsalira chabe? Nanga ngati nyanga za makolo zinali ndi mphamvu yotere, zinali kuti tsiku limenelo? Zinali kuti mu 1898, pamene Angoni a Mpezeni anagonja ndipo mwana wake Nsingo anawomberedwa?

Ku Tanzania nkhaniyi inafika poipa zedi. Mu 1904 munthu wina, Kinjikitile Ngwale, anayamba kugawa madzi amene ankati adzasungunula zipolopolo za Ajeremani. Mitundu imene sinkamwerana madzi inagwirizana, Angoni a ku Songea nawonso analowamo. Pa Mahenge, mu Ogasiti 1905, anthu zikwizikwi anathamangira linga la Ajeremani atanyamula nthungo, ndipo mfuti za chiwaya zinawapulula. Kenako Ajeremani anatentha minda ndi nkhokwe, njala n'kumaliza otsala. Pofika 1907, ngakhale owerenga mochepetsa amati anafa anthu 75,000. Anthuwa sanali opusa. Anatopa ndi kulima thonje mokakamizidwa ndiponso kukwapulidwa ndi chikoti. Koma kodi madzi aja anapulumutsa ndani, poti mwini wake Kinjikitile anamupachika nkhondo itangoyamba kumene?

Tsidya la malire, kupitirira nkhalango ya Kasungu, kuli Lundazi. Mu 1964, patatsala miyezi yochepa kuti Zambia ilandire ufulu, anthu a mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina anamenyana ndi apolisi ndi asilikali ku Chinsali ndi ku Lundazi. Mpingowu unatchuka polimbana ndi ufiti, anthu ankakataya zithumwa zawo kumeneko. Komabe itafika nkhondo, ambiri a iwo anathamangira mfuti ndi nkhwangwa ndi mikondo, pokhulupirira kuti imfa ya chipolopolo si yawo. Boma lenilenilo linavomera kuti anafa anthu oposa 700. Kodi akanafa ochuluka chotere akanadziwa kuti thupi lawo ndi mnofu ngati la wina aliyense?

Wina ayankha kuti, nanga Anaparama a ku Mozambique? Ameneyo wafunsa bwino, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Cha m'ma 1989 ndi 1990, nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itathawitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ku Zambezia kunadzuka mnyamata wina, Manuel António, amene ankati anafa n'kuuka. Ankatemera anthu mphini ndi lumo, n'kupakamo phulusa la mankhwala. Otemeredwawo, amene ndiwo Anaparama, ankapita kunkhondo ndi mikondo ndi zikwanje, atamanga nsalu zofiira, akuimba. Ndipo zoonadi, analanda midzi yambiri m'manja mwa Renamo, anthu n'kubwerera kuminda yawo. Koma chinathawitsa Renamo n'chiyani? Ndi phulusa kodi, kapena n'chifukwa choti anyamata a Renamo, amene ambiri anachita kugwidwa m'midzi yomweyo, nawonso anakulira m'chikhulupiriro chomwecho? Munthu wogwira mfuti akakhulupirira kuti mfuti yake yatsirikidwa, dzanja limanjenjemera, amaombera m'mwamba, amataya mfuti n'kuthawa. Mphamvu inali m'mantha a mdani ndi m'kulimba mtima kwa anthu otopa ndi kuzunzidwa. Renamo itapeza asing'anga akeake ndi kutemera anyamata ake, mantha aja anatha. Mu Disembala 1991 Manuel António anaphedwa kunkhondo.

Taonani kuchenjera kwa mankhwala oterewa. Amabwera ndi miyambo yambirimbiri: usatembenuke, usabwerere m'mbuyo, usabe kanthu, udike, chakudya chakutichakuti usadye. Wopulumuka amati mankhwala agwira ntchito. Wakufa amati anasempha mwambo. Kodi wakufayo angadzuke kuti adzikanire? Ndi mankhwala a mtundu wanji amene salakwa, wolakwa n'kumakhala maliro nthawi zonse?

Komatu tisathere pa kudzudzula osauka. Anthu a ku Zambezia anathamangira lumo chifukwa asilikali a boma anawasiya okha. Anaparama atatulukiranso ku Cabo Delgado mu 2022, chifukwa chake chinali chomwecho: zigawenga zikudula anthu mitu, chitetezo palibe. Munthu sagula chithumwa ngati ali ndi pothawira. Tenanti amene walima chaka chathunthu n'kumva kuti ngongole yadya fodya yense, mlimi amene njovu zamudyera chimanga usiku umodzi, mayi amene mwana wake wamwalira asanafike kuchipatala chifukwa cha kutalika kwa mtunda, onsewa amafuna yankho. Boma likakhala chete, sing'anga amayankha msanga. Kodi pamenepa wolakwa ndi wofunsayo yekha?

Ndipo nali funso limene likutiwawa koposa. Ngati afiti ali ndi mphamvu zogonjetsa gulu lankhondo, bwanji amene timawagwira kuti ndi afiti amakhala agogo osatha n'kuthamanga komwe? Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha okalamba anayi a m'mudzi momwemo. Munthu woti angathe kutuma mphenzi angalephere bwanji kudziteteza ku chibonga? Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera. Ndani anaonetsapo ngakhale botolo limodzi la magazi opopedwawo? Abale athu achialubino aphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Analemera ndani? Pankhondo imene anyamata amakangana m'chigafa ija, msilikali sakhudzidwa n'komwe. Amene akugwa ndi nkhalamba, mlendo wodutsa, ndi mwana wobadwa ndi khungu loyera.

Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Ena amati n'lachitsamunda, lisinthidwe. Akambirane ku Nyumba ya Malamulo, ndiko kwake. Koma palibe kusintha kumene kudzaloleze kugenda gogo kapena kutentha nyumba yake.

Tikupempha mafumu a kwa Chulu, magulupu ndi anyakwawa, kuti mlandu woloza ufiti ukabwera pabwalo asaitane woombeza. Atetezeni wonenezedwayo, ndipo amene akuopseza moyo wake akamutule kupolisi tsiku lomwelo. Inunso anyamata, wina akadzakuuzani kuti mphini zake zimabweza chipolopolo, musamupatse ndalama yanu ya fodya, ndipo musalole kuti akutsogozeni kumene kuli mfuti.