Ndiwo zipse zokha, banja lidyere pamodzi

Abale athu ambiri amene ali ku Britain amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo shifiti ya maola 12 si yachilendo kwa iwo. Mayi amatuluka m'nyumba kusanache n'kubwerera kutada, pamene bambo akuvala nsapato kuti akalowe ya usiku. Ana akaweruka kusukulu amangotsekula fuliji, aliyense n'kudya zake choimirira. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa pakhomo pamene anthu sadyera pamodzi, nkhani nazo zimatha. Sabata ino ndikufuna tikambirane za chiwiya chimene ndachiona chikuthandiza mabanja otere: mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono, umene m'masitolo amautcha slow cooker.

Mphika umenewu unabadwa chifukwa cha anthu amene sankatha kukhala pamoto. Irving Naxon wa ku Chicago anamva kwa mayi ake kuti kwawo ku Lithuania, Lachisanu dzuwa lisanalowe, mabanja achiyuda ankanyamula miphika ya cholent, chakudya cha nyemba ndi nyama, kukaisiya mu uvuni wa wophika buledi. Lamulo lawo silinkalola kukoleza moto pa Sabata, choncho chakudyacho chinkapsa usiku wonse ndi kutentha kotsalira. Naxon anapanga mphika wamagetsi wochita zomwezo, ndipo mu 1940 boma la America linavomereza kuti luso limeneli ndi lake. Kampani ya Rival inagula bizinesi yake mu 1970, ndipo chaka chotsatira inatulutsa mphikawo ndi dzina loti Crock-Pot. Unayenda malonda kwambiri chifukwa m'zaka zimenezo amayi ambiri a ku America anali atayamba ntchito zolembedwa, koma ana ankafunabe kudya madzulo.

Chimene ndimaukondera kwambiri n'choti umalemekeza nyama ya anthu wamba. Nyama ya pamwendo, ya pakhosi ndi ya pachifuwa ndi yotsikirapo mtengo kubutchala chifukwa ndi yolimba: ndi ziwalo zimene ng'ombe imagwiritsa ntchito tsiku lonse, ndiye zili ndi mitsempha yoyera yambiri. Mukaiphika mothamanga pamoto waukulu, imangokhala gwa. Koma ikakhala maola ambiri m'madzi otentha, ongotsala pang'ono kubwata, mitsempha ija imasungunuka n'kulowa mumsuzi. Amene anadyapo mang'ina ophikidwa kuyambira m'mawa akudziwa msuzi umene umamata milomo. Umu ndi mmene nyama yoti mpeni umalephera imafikira pomanyenyeka ndi supuni. Mphikawo umadya magetsi ochepa, pafupifupi mawati 200, pamene uvuni umafuna mawati 2,000 kapena kuposa.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Tengani kilogalamu imodzi ya nyama, muidule nthuli zikuluzikulu, chifukwa tizidutswa ting'onoting'ono timasungunukiratu. Wazani mchere ndi tsabola, kenako muigubuduze m'masupuni awiri a fulawa. Ikazingeni pang'onopang'ono m'mafuta otentha mpaka ifiire mbali zonse. Musadumphe pamenepa ngakhale muli pachangu, pakuti fungo ndi mtundu wa msuzi zimachokera m'kufiirako. Mukachotsa nyama, thirani makapu awiri a madzi m'poto womwewo n'kukokota zonse zomatirira pansi. Mumphika muja yalani anyezi awiri, adyo, karoti ndi tomato, nyama pamwamba, kenako msuzi wokokota uja. Madzi asamize nyama. Chivundikiro cha mphikawu sichitulutsa nthunzi yambiri, ndipo nyama ndi anyezi zimatulutsanso madzi awoawo.

Mukatero tsekani, ikani pa low, muzipita kuntchito. Maola 8 akwana. Mukaika pa high, anayi kapena asanu. Amene watsala pakhomo mumuuze kuti asamavundukule, chifukwa kutentha kukathawa kumachedwa kubwerera. Madzulo mukapeza msuzi uli wamadzimadzi, sungunulani supuni ya cornflour m'madzi ozizira, thiranimo, ndipo pomwe mukumaliza kuomola nsima mupeza wakhuthala. Angerezi amadyera mbatatesi yosinja; ife tiika nsima kapena mpunga, pambali pake masamba.

Pali zinthu zitatu zimene sindingazibise, chifukwa zikukhudza moyo. Choyamba, musaikemo nyama yochoka mufiliza ili gwa. Imachedwa kutentha, ndipo tizilombo timapeza mpata woswana. Isungunukire mufuliji usiku. Chachiwiri, ife okonda nyemba tisamale: nyemba zofiira zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zikabwata kwambiri, choncho mukaziviika, muziwiritse pamoto waukulu kwa mphindi zosachepera 10 musanaziike mumphikawu. Chachitatu, magetsi akazima muli kuntchito n'kupeza nyama yazizira isanapse, musaidye.

Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa ulesi a ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, kumene magetsi amathimathima. Koma nzeruyi siyenda ndi magetsi okha. Mu 2008, magetsi akuvuta ku South Africa, Sarah Collins anayambitsa Wonderbag, thumba lokhuthala limene mumaikamo poto wobwata, chakudya n'kumapsa ndi kutentha kwake komwe. Dengu loyalidwa bulangete lochindikala limagwira ntchito yomweyo. Nyama ibwate bwinobwino pambaula kwa theka la ola, muikutire msanga osatsekula, ndipo madzulo muibwatitsenso musanagawe. Makala otsala aphikire nsima.

Ndamvapo ena akunena kuti ndiwo zosatakasa ndi zaulesi, kuti mayi weniweni amakhala pamoto. Ine sindikuvomereza. Mayi amene wadzuka 5 koloko kukazinga nyama asanathamangire basi, waganizira mimba za ana ake tsiku lisanayambe, ndipo chimenecho ndi chikondi chenicheni. Komanso ntchitoyi si ya mayi yekha. Bambo amene akuchoka ku shifiti ya usiku angathe kudula nyama ndi kuikazinga asanagone. Mwana wa sekondale angathe kusenda anyezi ndi kutereka madzi a nsima. Aliyense akaikapo dzanja, palibe amene amafika patebulo atatopa mpaka kulephera kuyankhula.

Choncho amene muli nawo mphikawu koma unangokhala pamwamba pa kabati, utsitseni sabata ino. Gulani nyama ya pamwendo, sankhani tsiku limene nonse mumapezana ngakhale kwa ola limodzi, ndipo muuze ana kuti tsiku limenelo palibe wodyera kuchipinda. Kukonza zoika mumphika kudzakutengerani mphindi 20 zokha. Nthawi yotsalayo muwafunse ana anu mmene aswerera.