*MTENGO WA GALIMOTO YA LIWIRO ULI M'THUMBA LA WOGULA*

Lero tikambeko za magalimoto a liwiro aja, poti zithunzi zake zachuluka m'magulu mwathu muno. Golf GTI, Subaru ya turbo, Altezza, Mark X, BMW yotsika ngati ikukwawa. Chithunzi chomwecho mwezi uno, chomwechonso mwezi wa mawa, pansi pake palembedwa kuti "mtengo sitikambirana". Mwini wake akufuna fizi ya mwana kapena malata a nyumba, koma galimoto ili phee pansi pa mango, matayala akuphwa.

Maganizo anga ndi awa: mtengo wa galimoto yakale umachokera m'thumba la wogula. Ndalama zimene inu munawononga, wogula alibe nazo ntchito. Zimawawa kumva, eti? Koma msika ndi momwe ulili.

Ine ndine mwana wa msodzi, ndiye ndiyambira ku zimene ndikuzidziwa. Nyanja yathu ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ouma. Mabwato anagona pa nthaka yong'ambika. Matabwa anali omwewo, misomali yomweyo, koma ndani akanapereka ndalama yeniyeni kugula bwato popanda madzi? Bwato limakhala ndi mtengo chifukwa cha nyanja. Galimoto nayo ili ndi nyanja yake: msewu, mafuta, masipeya ndi makaniko. Musanatchule mtengo, yang'anani kaye ngati madziwo alipo.

Tiyambe ndi msewu. Galimoto yotsika imakoma pa tala wa Zomba kupita ku Liwonde. Ikangokhota kulowa msewu wafumbi wopita kunyanja, mimba yake imayamba kukhula pansi. Dzinja likafika, matope a m'dambo la Chilwa salemekeza marimu okongola. Wogula wa kuno amadziwa zimenezi asanatsegule n'chitseko chomwe.

Mafuta nawo. Mark X ili ndi injini ya V6, yambiri ndi ya malita 2.5, pamene Passo ndi Vitz zambiri ndi za lita imodzi basi. Kuyambira 2022 takhala tikuona mizere pa mafilingi, anthu kugona m'magalimoto kudikira petulo. Munthu amene anagonapo pa mzere saiwala, ndipo akamva injini ikubangula amayamba kuwerengera malita.

Za masipeya ndiye musanene. Toyota inasiya kupanga Altezza mu 2005, kutanthauza kuti ngakhale yooneka yatsopano bwanji, ndi nkhalamba. Mazda RX-8 inalekeka mu 2012, ndipo injini yake ndi ya rotary, ilibe mapisitoni ngati magalimoto enawa. Ikadwala, amakaniko oti angaitsegule molimba mtima ndi owerengeka. Yerekezani ndi Sienta kapena Probox, zimene sipeya yake mumaipeza msanga ndipo mnyamata aliyense wa pa galaja anazigwirapo.

Ndikudziwa zimene ena munene: "Koma kwacha inagwa, galimoto yanga iyenera kukwera." Pamenepo pali choona. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 ku banki. Kuitanitsa galimoto ku Japan kunadula, ndipo magalimoto amene ali kale m'dziko muno anakwera nawo. Koma kugwa kwa kwacha komweko kunadyanso malipiro a wogula uja. Amene ali ndi ndalama pang'ono lero akufuna galimoto yoti imubwezere, yonyamula anthu pakati pa Liwonde ndi Balaka kapena matumba a mpunga. Sienta imadzigulira yokha mafuta. Galimoto ya liwiro imadya za m'thumba la mwini wake. Ndiye zonse zinakwera, inde, koma sizinakwere mofanana.

Achimwene a ku Joni, mundimvere bwino apa. BMW 325iS, ija amati gusheshe, ku Soweto ndi mfumu. Kumeneko kuli anthu a masewera ozunguza galimoto, ali okonzeka kulipira ndalama zoopsa. Mukaiwolotsa pa Mwanza kapena pa Dedza, mbiri ija imatsala kuseri kwa malire. Kuno ambiri amangoona galimoto yakale ya zitseko ziwiri. Choncho mtengo wa ku Johannesburg osangousintha kukhala makwacha n'kumati ndi womwewo pa Ntaja. Ndipo ngati msonkho wa MRA simunalipire, nambala ikadali ya ku South Africa, wogula wanzeru adzachotsa ndalama yonse ya msonkhoyo pa mtengo wanu, mwinanso n'kuthawa kumene.

Nanga mtengo tiupeze bwanji? Ine ndimawerengera chonchi.

Choyamba, pezani denga. Onani pa Be Forward kapena SBT kuti yofanana ndi yanuyo ikugulitsidwa zingati, muphatikize kuibweretsa kudzera pa doko la Dar es Salaam mpaka pa Songwe, ndi msonkho wake. Kumbukirani kuti msonkhowo umakula galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu. Chimene mwapezacho ndi denga. Palibe angakupatseni yoposa pamenepo pa galimoto imene yadya kale mabampu a kuno.

Chachiwiri, funsani zimene zinagulidwadi. Mtengo wa pa Facebook ndi wa pakamwa. Ngakhale pa doko la Mposa, msodzi amatchula mtengo wake wa matemba, koma mtengo weniweni ndi umene mayi wa geni waulipira n'kusenza beseni. Funsani amakaniko ndi anzanu amene anagulitsapo kuti ndalama imene inalowa m'manja inali zingati.

Chachitatu, chotsani zimene wogula akakonze. Tingoyerekeza kuti denga lanu ndi K20 miliyoni. Matayala anayi atha, ma shock akugogoda, clutch ikuterereka, COF ndi inshuwalansi zatha. Lembani chilichonse ndi mtengo wake wa lero, muchotse. Mukabisa, makaniko wa wogula adzazipeza, ndipo akapeza chimodzi amakayikira zonse.

Chachinayi, zokongoletsa musaziwerengere. Masipika aakulu, magalasi akuda, ekizozi yaphokoso, munagulira mtima wanu. Kwa wogula wina, phokosolo ndi umboni woti galimoto inkathamangitsidwa usiku ndi usana. Chimene chimakweza mtengo ndi blue book ya dzina lanu, mapepala a msonkho, ndi malisiti a sevisi.

Chachisanu, pitani kumene kuli ogula. Makumba abwino sitidikira nawo wogula m'mudzi, timapita nawo kumsika. Anthu okonda magalimoto otere ambiri ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Zomba, kumene kuli tala ndi malipiro a pamwezi. Ngati mugwiritsa ntchito dobadoba, gwirizanani zake poyambirira, chifukwa ena amaika yawo pamwamba mpaka galimoto n'kudula osagulika, inu osadziwa.

Pali chinanso chimene ambiri sitiwerengera: kudikira kumadya ndalama. Nsomba yaiwisi ikachedwa imanunkha, galimoto nayo ikaima imawola mwakachetechete. Batire limafa, makoswe amadya mawaya, inshuwalansi imatha, ndipo ndalama imene mudzalandire miyezi isanu ikubwerayi sidzagula matumba a simenti ofanana ndi a lero. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kukana K14 miliyoni ya lero chifukwa cholota K17 miliyoni ya tsiku losadziwika, nthawi zambiri ndi kudziluza wekha. Sindikuti mutaye katundu wanu ayi. Ikani kamalo kokambirana pamwamba, dziwani mumtima malire amene simungatsikepo, ndipo musadikire mpaka January, njala ndi fizi zitakupanani, chifukwa wogula amanunkhiza munthu wopanikizika.

Pomaliza, tsiku logulitsa. Ngongole ayi, ngakhale akhale mlamu wanu. Kumanani ku banki, ndalama ilowe muione ndi maso anu, osakhulupirira uthenga wa pafoni wokha. Kenako pitani limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini. Galimoto ya liwiro ikachita ngozi dzina likadali lanu, apolisi adzayamba kugogoda pakhomo panu.

Amene akutsutsa, bwerani tikambirane, gulu ndi lathu. Koma ngati muli ndi m'bale amene galimoto yake yakhalitsa pa status, mutumizireni uthengawu.


Mwana wa msodzi, Mposa